Kalata ya chidindo kaye, buku lakale pambuyo

Amene mukufuna kukawerenga mabuku akale otsekeredwa m'kabati ku laibulale ya boma mumzinda wa Tete, mverani ine amene ndapsa nazo: musakwere chapa (minibasi) mulibe kalata ya chidindo. BI, chitupa cha unzika, yokha sikwanira. Pamafunika credencial yochokera kusukulu kapena kuntchito kwanu, yonena kuti ndinu yani ndipo mukufuna buku lanji, yosainidwa, yodindidwa, yeniyeni osati fotokope.

Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo ndinkasaka buku la Gamitto, O Muata Cazembe. Mkuluyu anali msilikali wa Chipwitikizi amene ananyamuka ku Tete mu 1831 pamodzi ndi Monteiro, mtsogoleri wa ulendowo, kulowera kwa mfumu Kazembe, kufupi ndi nyanja ya Mweru, n'kubwerako mu 1832. Njira yawo inadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa, ndiye analemba zimene maso ake anaona: mafumu, maliro, kasulidwe ka zitsulo, mpaka za mfumu Undi. Bukuli linatuluka ku Lisboa mu 1854. Ana akandifunsa kuti makolo athu ankakhala bwanji malire asanadulidwe, ndinkangobwereza tindime tiwiri ta m'buku la kalasi, manyazi okhaokha.

Za ulendo sindinena zambiri. Kutsika kuchokera ku Ulongué kozizira kuja, kudutsa Moatize, n'kufika kuchigwa cha Zambezi mwezi wa Okutobala, thukuta limayamba musanatsike n'komwe.

Mayi wa pa tebulo la laibulale sindimudandaula. Atamva kalankhulidwe kanga anasiya Chipwitikizi n'kuyamba Chichewa, kwawo ndi ku Tsangano. Anati: "Aphunzitsi, makiyi ndili nawo, koma si anga. Lembani requerimento kwa abwana, muphatikize credencial." Mabuku a pa mashelefu oonekera aliyense amawerenga. Akalewo satuluka, sabwereketsa, ndipo kabati satsegula popanda chilolezo. Izi ndikuzimvetsa, buku lotere likatayika simungakaligule kumsika.

Chimene chinandiwawa ndi ofesi ina imene ananditumizako. Akulu a sukulu yathu ananditumizira kalata pa WhatsApp, ndinakaisindikiza, koma akuti chidindo cha pa chithunzi si chidindo, ndikaitsimikize ku ofesi ija. Ndinafika m'mawa. Akuti shefi, bwana wa ofesiyo, ali pa msonkhano. Ndinakhala pa benchi panja, pansi pa malata, mpaka malaya kumata kumsana. Masana akuti shefi abwera koma ndilipire kaye pa windo lina. Pa windo lija mnyamata alibe chenji, ndiye ine mwini ndalama kuthamanga kukagula madzi kuti ndiswe ndalamayo. Pobwera, mnyamata wapita kukadya. Atabwera, risiti ndalandira, ndikubwerera kwa shefi, atulukanso. Maofesi a boma amatseka 15:30, koma nthawi isanakwane n'komwe mayi wina anali atayamba kale kutseka mawindo, n'kundiuza akumwetulira kuti "bwerani mawa, bambo." Mawa! Ngati kwathu ndi kuseri kwa mlatho. Kugona ndinagona kwa mlamu wanga ku Matundo, mumzinda wa Tete momwemo, apo bii ndalama yobwerera ikanathera pa chipinda. Ndipo kusainako, m'mawa mwake, sikunatenge ngakhale mphindi imodzi, kalatayo osaiwerenga n'komwe.

Ndiye ndikubwereza: dindirani kwanu, nyamulani pepala lenileni.

Ndinaiwala, requerimento, kalata yopempha chilolezo ija, lembani m'Chipwitikizi, mapepala awiri. Lina asunge iwo, lina akudindireni tsiku lolandirira musunge inu, chifukwa akati "sitinalione" mulibe pogwira. Fotokope ya BI nayonso pangirani kwanu.

Kabati itatsegulidwa mtima unakhalako pansi. Silinali la 1854, linali losindikizidwanso mu 1937, la magawo awiri, koma mawu ndi omwewo. Mapepala achikasu, m'mbali mofiirira, ouma ngati tsamba la fodya, ndipo njenjete zinaboola timabowo tolunjika kuchokera pachikuto mpaka mkati, moti m'mizere ina zilembo zinadyedwa. Mayi uja anandifotokozera kuti pepala lopangidwa ndi mitengo lili ndi asidi amene amalidya pang'onopang'ono, ndipo kutentha kwa Tete kumafulumizitsa. N'chifukwa chake sakulola fotokope: kulikanikiza pa makina msana wa buku umathyoka. Chikwama chimatsala pakhomo. Bolopeni ayi, pensulo yokha. Sambani m'manja, ndipo khalidwe lathu lonyambita chala potsegula tsamba mulisiye panja. Kujambula ndi foni anandilola nditapempha, popanda kuwalitsa. Tchajani foni, tengani kope lalikulu.

Chinandipsetsanso mtima n'choti chipindacho chinalibe ngakhale chopemerera mphepo choyenda. Munthu wofuna kuwerenga amuzunguza ndi mapepala, njenjete ikudya mwaufulu popanda credencial.

Powerenga konzekerani zinthu ziwiri. Chipwitikizi chake n'chakale, kalembedwe kena mudzayamba mwaima kaye. Komanso wolembayo ndi mzungu wa nthawi ya ukapolo, pena amanyoza makolo athu poyera. Ine ndinkakopera zimene anaona, zimene ankaganiza za ife ndikuzisiya momwemo, ngakhale tindime tina ndatenga dala kuti ana aone mmene ankatilembera.

Mayi uja ananditchuliranso za bambo Courtois, wansembe wa Chijezuiti amene analemba galamala ndi dikishonale ya chilankhulo cha ku Tete kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Nthawi inali itatha, ndipo chilolezo changa chinatchula buku limodzi basi. Choncho mu requerimento musatchule buku limodzi, lembani mutu wonse, monga mbiri ya Amaravi ndi zilankhulo za chigwa cha Zambezi, kuti musayambirenso benchi. Pofunsa tchulani dzina la bambo la wolemba ndi chaka, mukangoti "buku lakale la Achewa" mudzangoyang'anana.

Amene mukufuna makalata olembedwa pamanja a nthawi ya atsamunda, ambiri ali ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo, umenewo ndi ulendo wina. Risiti ija ndaipereka kusukulu kuti andibwezere ndalama, akuti nayonso ikufunika chidindo.