Tsiku lomwe ndinaondetsa kernel

Laputopu ya achemwali ndi yakalekale, 32-bit, RAM yake 2GB basi, ndipo ndine ndemwe ndinaikamo Linux kuti izipumako. Ndiye usiku wina iwo atagona ndaitenga kuti ndikompaile (kusandutsa code kukhala pulogalamu yogwira ntchito) kapulogalamu kena ka C++, kapulogalamu dzina lokha koma ndi chimphona. Ndalemba make -j8 mwamatama, kutanthauza kuti makompaila 8 azithamanga nthawi imodzi, aliyense akudya memory yakeyake. Fani inayamba kulira, mausi kuuma gwa, kenako pa sikirini pangotuluka kuti Killed signal terminated program cc1plus. Kuyang'ana mu dmesg, momwe Linux imalembamo zochitika zake, ati Out of memory. Mu kernel mujatu, mtima wa Linux womwe umayang'anira memory ndi zipangizo zonse, muli kachigawenga kotchedwa OOM killer, memory ikangotha kamasaka yemwe wadya kwambiri nkumupha pompo, kulibe zozenga mlandu.

Ine ndinagamula kuti wolakwa ndi kernel, yanenepa. Mizere ya code yoposa 30 miliyoni, madiraiva a zipangizo zoti sindidzazionapo mpaka kufa, zonsezo za chani? Komanso ndinadzilimbitsa mtima kuti Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali mwana wasukulu ku Helsinki pa kakompyuta ka 386, nanga ine ndilibe mutu?

Ndadawuniloda source ya kernel, make menuconfig, kwabwera chisikirini chabuluu chija chosankhirapo zoti zilowe mu kernel. Malamulo ake ndi osavuta: Y chinthucho chilowe mkati mwa kernel, M chikhale module yodzaitanidwa ikafunika, N chichoke. Abale, N uja amakoma. Poyamba ndimawerenga kaye Help, koma patapita kanthawi chala chinangozolowera. Chilichonse chomwe dzina lake latchula memory kapena RAM ndimachiona ngati mbava. High Memory Support, off. Swap, malo a pa disiki omwe amathandizira RAM ikadzaza, N. Initial RAM filesystem, N. Kufika pa File systems, njira zosanjira mafayilo pa disiki, ndinasesa ngati ndalipidwa, btrfs, xfs, vfat, ntfs, zonse panja. Pa ext4 pokha ndinachita chifundo nkuipatsa M, ati tiziitana tikaifuna.

Yakompaila bwinobwino, ndainstola, reboot, ine manja m'chiuno.

Kernel panic - not syncing: VFS: Unable to mount root fs. Kagetsi ka Caps Lock kakungophethira ngati kakundiseka.

Nkhani yake inali iyi: disiki yonse ndi ya ext4, module yowerengera ext4 ili pa disiki yomweyo, ndipo initramfs, Initial RAM filesystem ija, yomwe ikanainyamula poyamba ndinali nditaithamangitsa ndekha. Kiyi wa nyumba ndamukhomera mkati mwa nyumba. Mwamwayi ukagwira Shift poyatsa GRUB, pulogalamu yodzutsa Linux, imaonetsa menyu, kernel yakale inali pompo ili phee, ndalowa nayo. Apa nkuti nkhani itatha, koma ayi, ndinabwerera ku menuconfig, ext4 ndaipatsa Y, kukompailanso, maso ali psuu.

Ulendo uno inadzuka, mwachangunso, ndinavinako pang'ono pampando. Ndalemba free -m kuti ndione memory yomwe ndapulumutsa. 800 ndi kanthu. Ndapukuta maso, 800 ndi kanthu. Pa 32-bit kernel imafikira mwachindunji pafupifupi 896MB yokha, yotsalayo imadzera ku High Memory komwe ndinatseka kuja, ndiye giga yathunthu ndi kuposa inangokhala mu laputopu momwemo ngati mlendo wosalonjeredwa. Ndati palibe vuto, tiyatse swap. swapon ikundiyankha kuti Function not implemented. Eya, N uja.

Tulo tikamakuvuta nzeru zimabwera zambiri. Ndinakumbuka kuti anthu amakompailira mu tmpfs kuti zizithamanga, ndiye ndamaunta tmpfs, ndakoperamo source yonse ya kapulogalamu kaja, make. Sipanatenge nthawi, No space left on device. Ndikuyang'ana disiki, malo ali mbwee. Tmpfs imakhala mu RAM, ndipo ukapanda kuiuza kukula imatenga theka la RAM yomwe kernel ikuona, ndiye pa ka 800 kanga kaja ndinadulanso pakati, mafayilo ndi kompaila kumalimbirana kotsalako. OOM killer anabweranso, ulendo uno anapha ndi bulawuza yomwe, poti inali pafupi.

Ndinagona pompo pa tebulo. Chondidzutsa chinali chala cha achemwali paphewa.

"Iwe, wifi ili kuti?"

"Ikubwera achemwali, netiweki yavuta lero."

"Pa foni ilipo bwanji? Nanga sound? Ndiye flash yangayi bwanji sikutseguka, muli CV yanga umu, ikufunika mmawa uno."

Ndayesa kuimaunta pamanja iwo ataima kumbuyo kwanga, unknown filesystem type 'vfat'. Ma flash ambiri amabwera ndi FAT, ndipo ine FAT ndinaichotsa ndi chimwemwe chonse cha m'ma 1 koloko usiku. Ndinayamba kufotokoza kuti kernel iyi ndi yopepuka, imadzuka msanga kuposa yakale, iwo anangondiyang'ana nkunena kuti, "Imadzuka msanga kuti ikatani?"

Reboot, Shift, kernel yakale. Wifi ndi iyo, sound ndi iyo, flash yatseguka, 2GB yonse yabwerera kwawo. CV inatumizidwa ine ndili chete ngati sindili m'nyumbamo.

Kapulogalamu kaja ndinadzakompaila madzulo ake pa kernel yakale yomweyo, swap file ya 4GB, mkswap, swapon, make -j1, inayenda mwaulesi disiki ikulira koma inafika, palibe anaphedwa. Nditapita kukawauza achemwali kuti zatheka anati zabwino, kenako anandipempha ndiwaphunzitse kusintha password komanso kuchotsa munthu pa sudo, mphamvu zosintha chilichonse mu kompyuta. Ndinawafunsa kuti munthu wake ndani, anati ndingowaonetsa basi.