Chipukuta misozi cha msewu wa M1: onetsetsani dzina pa fomu

Ndalama yanga ya chipukuta misozi yalowa tsopano ndipo mtima wakhala pansi, koma mkwiyo sunathe. Anzanga amene muli m'mbali mwa msewu womwe ukukonzedwa, mverani kuno: dzina limene akulemba pa fomu lifanane ndi la pa chiphaso chanu cha unzika, chilembo ndi chilembo. Zina zonse munthu umapirira, koma dzina ndi lomwe linandidyera miyezi.

Golosale yanga inali m'mbali mwa M1, chigawo chija anayamba kuchikonza mu 2022 kuchokera pa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu, kudutsa ku Kasungu mpaka pa mphambano ya ku Mzimba, ndi ndalama za banki ya ku Ulaya ya European Investment Bank ndi bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union. Msewu waukulu ngati umenewu uli ndi malo ake, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pamzere wapakati, ndipo ambirife tinamanga mkati mwa malowo kalekale. Ndiye dothilo musaliwerengere. Chimene anatiwerengera ife ndi chomanga, mitengo ndi mbewu.

Za msonkhano wa kwa amfumu ndi chizindikiro chofiira chimene amalemba pakhoma la nyumba zoyenera kuchoka sindichulutsa, aliyense anaziona. Chachikulu ndi tsiku lobwera oyeza. Mukhalepo nokha, musatume mwana. Yendani nawo pamene akukoka tepi, muwaonetse khonde, simenti yapansi, chimbudzi, ngakhale kampanda kakuseri. Mango obereka mtengo wake ndi wosiyana ndi wa kamtengo kongodzala kumene, choncho muone kuti alemba bwanji. Ndipo akangomaliza kalembera, musawonjezere chipinda poganiza kuti ndalama ikwera. Chomangidwa pambuyo pa tsikulo salipira.

Tsopano nkhani ya dzina. Wolemba uja anamva anthu akundiitana ndi dzina la mfunda, monga amandiitanira pamsika, iye n'kulemba lomwelo. Chiphaso ndinamupatsa m'manja, nambala anakopera bwinobwino, koma dzina analemba lake. Anzanga atayamba kulandira mauthenga a ku banki pafoni, kwa ine kunali zii. Nditafunsa, akuti dzina la pa mndandanda silikugwirizana ndi la pa akaunti, ndalama yabwerera.

Anandiuza kuti ndikatenge kalata kwa amfumu yotsimikiza kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi, ikadindidwe kwa mfumu yaikulu, kenako ndipite nayo kuboma. Kwa mafumu sikunavute. Koma ofesi ija ya kuboma! Ndinatseka golosale, ndinadzuka kusanache, ndinalipira minibasi yopita ndi yobwera, n'kukakhala pabenchi kuyambira m'mawa. Akuti bwana wosayinira ali ku msonkhano, dikirani. Nthawi ya nkhomaliro inakwana, chitseko anakhoma. Madzulo dzuwa litapendeka m'pamene wina anatuluka n'kunena kuti bwanayo anapita kumudzi kukayeza malo, sabweranso lero. Iwo ankadziwa chiyambire m'mawa! Pabenchipo panali agogo ena amene anagulitsa nkhuku kuti apeze thiransipoti, anabwerera osadya kanthu. Kodi kungonena kuti "amayi, bwerani Lachinayi" kumafuna sitampa? Ulendo wotsatira kalata yanga inali itasowa m'mafayilo. Chinandipulumutsa n'chakuti ndinali ndi fotokope. Pepala lililonse lichititseni fotokope, ndipo fomu ya oyeza muijambule pafoni musanasayine, muwerenge dzina lanu mokweza iwo akumva.

Kuchedwako sikuti kunali kongotopetsa chabe. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, itagwanso kale ndi 25 peresenti mu May 2022. Mtengo wa golosale yanga unawerengedwa kwacha isanagwe kachiwiri, ndalama n'kudzabwera simenti ndi malata zitakwera kale. Imene inkayenera kumanga golosale yathunthu inathera pa zipupa ndi denga, pulasitala ayi.

Ndaiwala kunena za komiti ya madandaulo. Iliko, imakhala ndi anthu a m'dera lomwelo, ndipo dandaulo lanu alilembe m'buku, osati kungolankhula pamsewu. Ine ndinaidziwa kudzera kwa mnzanga wogulitsa tomato, ndipo itangolemba nkhani yanga zinthu zinayamba kuyenda. Pitani kumeneko msanga. Si ya ndalama zokha. Ife tinakadandaulako za fumbi la msewu wongopatukira, lomwe linkalowa mpaka mu shuga ndi ufa pashelefu, ana n'kumangotsokomola usiku. Titapita pagulu, galimoto yothira madzi inayamba kudutsa kawirikawiri. Munthu mmodzi samumva, pitani ambiri ndipo amfumu akhale patsogolo.

Msewu wabwino tonse tikuufuna, maenje aja anapha anthu ndi kuwononga magalimoto. Koma phula likasalala madalaivala amathamanga, ndipo ana athu amawoloka pomwepo popita kusukulu. Nkhani ya mahampu ndi malo owolokera muiyambe makina asanachoke. Chimodzimodzi ngalande: onani kumene yaloza mvula isanagwe, chifukwa kwathu kuno madzi ake akutsikira kunyumba za kumunsi, ndipo dandaulo limenelo likadali m'buku.

Chomaliza, ndalama ikalowa amakupatsani nthawi yoti musamuke. Ife anatilola kusasula tokha, ndiye malata, zitseko, mafelemu ndi njerwa zabwino ndinachotsa katapila asanafike, ndipo ndi zomwe zandithandiza pomanga pamalo patsopano. Funsani ngati kwanuko akulola. Koma musanasasule ngakhale lata limodzi, pitani ku banki mukaone ndi maso anu kuti ndalama yalowadi, pa dzina lomwe lili pa chiphaso chanu.