Tsiku lomwe boti langa linandivula kabudula

Abale inu, ngati alipo munthu amene anakuuzanipo kuti kupaka vanishi pa boti ndi ntchito ya Loweruka limodzi, munthuyo mwina sanagwirepo bulashi kapena amadana nanu. Ine ndinaziona ndi masowa, nde sikuti ndikungobwebweta ayi, umboni wake mpaka lero ulipo pa benchi ya kumbuyo, wooneka bwino lomwe mbali zonse ziwiri.

Boti lake ndi laling'ono, ndinagula kwa munthu litatha kale ntchito. Thupi lake ndi la fiberglass koma m'mphepete monse muli matabwa a teak, kenako benchi ziwiri za mahogany ndi kathabwa kakutsogolo komwe timamangako chingwe. Matabwawo anali atatuwa ngati miyendo ya munthu wosadzola, vanishi wakale akusupuka ngati njoka ikufundula, pena pali madontho akuda pomwe madzi analowa pansi. Mayi a kunyumba atangoliona anati "ndalama zija ndi izi?" basi osawonjezera liwu lina, nde mukudziwa mmene funso lotere limabayira. Ndinawalumbirira pomwepo kuti boti limeneli lidzawala mpaka azidzadziyang'anirapo nkhope.

Pafupi ndi pomwe ndimamangirira boti pali madala ena amene anayamba kukonza maboti ine ndisanabadwe, salankhula zambiri, amangokuyang'ana n'kupukusa mutu. Nditawafunsa amvekere, "Mwana wanga, ntchito ya vanishi ndi sandipepala. Kupakako ndi kumchira chabe." Ine ndinaseka ndimvekere nthabwala za akuluakulu. Anayamba kufotokoza zina zambiri, ine n'kumangoti eya eya, maganizo ali kale pa shelefu ya zitini.

Pa shelefupo mutu unandizungulira. Pali vanishi wa m'nyumba uja wa matebulo ndi zitseko, ameneyo mukamuika padzuwa ndi pamadzi sachedwa kung'aluka chifukwa ndi wouma gwa ndipo nthawi zambiri alibe mankhwala otchinga kuwala kwa dzuwa kuja amati UV. Pali wina olemba kuti spar varnish, dzinalo linachokera ku mitengo yaitali yomangirako matanga pa zombo, amamupanga ndi mafuta a tung kapena a linseed osakaniza ndi utomoni, nde ngakhale atauma amakhalabe wofewerako, thabwa likafufuma ndi chinyezi kapena kufota ndi dzuwa iye amayenda nalo limodzi. Ndiye pali wa polyurethane wa zitini ziwiri, chachikulu ndi chaching'ono, umasakaniza wekha, wolimba kwambiri komanso wokhalitsa. Zonsezi ndikukuuzani ngati katswiri koma tsikulo sindinkadziwa kalikonse. Ndinatenga spar varnish chifukwa pachitini anajambulapo boti lokongola. Ndi chinthu chokhacho chomwe ndinakhoza, ndipo ndinakhoza mwangozi.

Kupala ndinapala, musati sindinapale. Sandipepala ya nambala 80, yokhakhala kwambiri ija, imodzi yokha, uku ndi uku mopingasa mizere ya thabwa, mphindi zochepa ndatha, fumbi ndinangouzira ndi pakamwa. Kenako ndinatenga chitini n'kuchikhutchumula mwamphamvu ngati mankhwala a chifuwa, ndikudziona wanzeru kuti zonse zisakanikirane bwino. Kutsegula, thovu lokhalokha. Ndinati aaa litha lokha limeneli. Bulashi n'kuviika m'chitini momwemo mpaka kumpini, n'kupaka mokhathamira kuti ndisavutike kubwereza, nanga si madala anati makoti asanu ndi atatu, kutanthauza kupaka kasanu n'katatu, ine ndinawerengera kuti koti imodzi yonenepa ikwanira m'malo mwa zonsezo. Ndinayamba cha m'ma 4 koloko madzulo, kumaliza kukuda, udzudzu ndi tizilombo tina tikubwera kudzaona ntchito n'kutsalira pomwepo.

M'mawa mwake ndinafika ndi mtima uli m'mwamba. Mayo ine. Paja pamayenera kunyezimira panali poyera mbuu ngati diso la nsomba yakufa, mame anagwera vanishi asanaume. Timatuza ting'onoting'ono paliponse, m'mbali vanishi atayenderera n'kuuma ali lende ngati mamina a mwana, pepani mawuwo koma palibe china chofanana nacho. Pa teak paja ndiye pomata kwabasi, chala chimachita kukanirira. Madala anabwera, anayang'ana nthawi yaitali.

"Munachikhutchumula chitinicho?"

"Pang'ono chabe madala."

"Teak munaipukuta ndi acetone?"

"Ndi chani?"

Anapukusa mutu n'kundiuza kuti teak ili ndi mafuta akeake, n'chifukwa chake siwola msanga m'madzi, koma mafuta omwewo ndi amene amakana vanishi, nde umayenera kuipukuta kaye ndi acetone, mankhwala amadzimadzi ochotsa mafutawo, ikangouma n'kupaka nthawi yomweyo. Apa munthu wanzeru akanati madala ndiphunzitseni. Ine manyazi anandigwira, ndinati ndikonza ndekha mwakachetechete. Patapita masiku angapo ndinakatenga wa zitini ziwiri uja, poganiza kuti wolimbayo akwirira zonyansa zonse za pansi.

Musadzayerekeze. Wa zitini ziwiri ali ndi mankhwala osungunula amphamvu, ukamupaka pamwamba pa wa chitini chimodzi amadya wapansiyo. Ndikupaka kutsogolo, kucheuka kumbuyo ndikuona thabwa likuchita makwinya ndikuyang'ana, kukhwinyata ngati zala za munthu amene wachapa tsiku lonse. Ndinaima ndi bulashi m'manja, kukamwa yasa. Madala anali pa boti lawo cha apo, sanatembenuke n'komwe, anangoti "Wa zitini ziwiri eti? Ndamva fungo."

Basi ndinagonja, ndinakawagwira mwendo. Masabata otsatirawo ndinakhala mwana wasukulu. Zonse zija tinachotsa ndi heat gun, kamakina kouzira mpweya wotentha, ndi chopalira mpaka thabwa lenileni kuoneka, ndipo ndinawotcha malo awiri chifukwa choimitsa dzanja pamodzimodzi. Madontho akuda aja tinawayeretsa ndi mankhwala otchedwa oxalic acid osungunula m'madzi ofunda, magolovesi kumanja, kenako kutsuka bwino n'kudikira kuti paume. Ndiye sandipepala, 120, kenako 180, kenako 220, nambala ikamakwera ndiye kusalala kwake, motsata mizere ya thabwa osati mopingasa, mpaka zala zanga zinasalala foni inasiya kundizindikira. Vanishi sitiviika m'chitini, timathira pang'ono m'kakapu kudzera pa sefa, chitini n'kutseka msanga. Koti yoyamba theka vanishi theka thina, mankhwala osungunulira vanishi aja, kuti ilowe m'thabwa, yachiwiri thina wochepa, kenako vanishi yekha, wopyapyala, bulashi ikuchokera pouma kubwerera ponyowa, ndipo pomwe wadutsa wadutsa, usabwererenso kukakonza. Tsiku limodzi koti imodzi, mawa lake kupala pang'ono ndi 320, kupukuta ndi kansalu komata kaja kotola fumbi, kupakanso. Tsiku lina ndinaunjika nsanza zonyowa ndi vanishi pakona, madala anazitola n'kuziponya mu ndowa ya madzi, amvekere nsanza za mafuta a linseed zikaunjikana zimatentha zokha mpaka kuyaka moto. Apo ndiye ndinayamba kuwaopa madalawa.

Pofika koti yachisanu ndi chiwiri, abale, mahogany ija inkaoneka ngati ili pansi pa madzi oyera, umachita kufuna kuinyambita. Ndinayamba kuyenda monyada. Ndinauza mayi a kunyumba kuti Lamlungu masana abwere ndi achimwene awo adzaone, alamu anga omwe aja amene anandiseka tsiku logula boti.

Koti yomaliza ndinati ndipaka ndekha madala kulibe, kuti ulemu wonse ukhale wanga. Ndipo ndinaganiza mozama zedi, mverani nzeru zake. Fumbi ndiye mdani, pamadzi palibe fumbi, nde ndipakira boti lili pamadzi. Ndinadikira mame aume, dzuwa lisanakwere kwambiri. Kuti m'mphepete monyowa musakhudze doko, ndinatalikitsa chingwe chomangira pa doko n'kukankhira boti patali ngati mamita atatu. Nkhafi ndinasiya pa doko kuti zisadonthezere madzi. Foni ndinasiyanso pomwepo kuti isandisokoneze. Malaya aubweya ndinavula, ndinatsala ndi kabudula wanga wakale wogwirira ntchito, nsalu yake yotha kale ngati sefa.

Ndinayamba kathabwa kakutsogolo, kenako m'mphepete kumanja, benchi ya kumbuyo, m'mphepete kumanzere, n'kumalizira benchi ya kutsogolo. Palibe thovu, palibe poyenderera, palibe pomwe ndadumpha. Ndinaimirira pakati pa boti, bulashi dzanja ili kakapu dzanja ili, kuzungulira pang'onopang'ono ndikusirira ntchito ya manja anga, mpaka misozi inalengeza.

Kenako ndinayang'ana doko.

Chingwe chili kutsogolo, kuseri kwa benchi yonyowa ndi kathabwa konyowa. Kuti ndichigwire ndiyenera kuponda benchi, ndikachikoka chikhula pa vanishi. Kudumphira m'madzi, madzi athovukira pa ntchito yonse, komanso kusambira kwanga ndi kuja kwa mwala. Kukhala pansi, mpata wa pakati pa mabenchi ndi wochepa, ndikanyonyomala msana ukhudza uku mawondo uku. Ndinakuwa "Madalaaa!" zii. Lamlungu m'mawa, palibe ndi galu yemwe. Ndinakumbuka kuti pachitini analemba kuti fumbi limasiya kumata pakatha maola angapo, kuuma kwenikweni mawa lake. Ndinati chabwino, amuna amapirira, ndiima.

Ola loyamba ndinaimba nyimbo. Lachiwiri miyendo inayamba kunjenjemera, dzuwa likundiwotcha pamsana, thukuta ndikulikhwatitsa ndi mkono kuti lisadonthere pa benchi, ntchentche ikabwera ndikuikalipira ndi pakamwa ngati munthu. Mphuno inayamba kuyabwa ndipo manja onse ali ndi katundu. Chikhodzodzo nachonso chinayamba kupereka madandaulo ake. Koma ndinali ndikupambana, ndithu ndinali ndikupambana, vanishi anali atayamba kugwira, nthawi ija amakhala ngati ulimbo.

Nde kunatulukira boti la injini cha patali, anyamata akuthamanga mosangalala, mpaka anandibayibitsa. Ine ndinaona funde likubwera, ndinaliona bwinobwino, loyamba ndinalimba, lachiwiri ndinavina, lachitatu ndinangomva phwa! ndakhala pa benchi ya kumbuyo, miyendo m'mwamba, kakapu kali bwinobwino m'manja osatayika ngakhale dontho, zomwe mpaka lero ndimanyadira.

Apa ndi pomwe ndinaganiza zopusa kuposa zonse. Ndinati ndikadzuka msanga ndiwononga malo aakulu, bola ndikhale phee osasuntha kuti chiwonongeko chikhale chaching'ono. Komanso kunena zoona miyendo inali ikuthokoza. Ndinakhala. Dzuwa likuwomba, vanishi akugwira, ine ndakhala ngati mfumu.

Anafika onse pamodzi ngati anapangana, mayi a kunyumba, alamu, ndi madala kumbuyo kwawo. Alamu amvekere, "Alamu, koma ndiye mwakhala mwaulemu, simutilandira?" Madala sanafunse kanthu, anangoyang'ana nkhafi pa doko, foni pa doko, ine pa benchi, n'kuyamba kukoka chingwe pang'onopang'ono, n'kutchinga boti ndi phazi cha m'munsi kuti matabwa asagunde. Anatambasula dzanja amvekere, "Dzukani kamodzi, osaganiza."

Ndinadzuka. Phokoso lake linali lija la nsalu ikamang'ambidwa pa telala, kweee! Ine ndinafika pa doko, mbali ya kumbuyo ya kabudula inatsala pa benchi, yoyalidwa bwino ndi thumba lake lomwe. Tsitsi la kuntchafu nalonso linatsalako lambiri ndithu, ndinakuwa mawu omwe sindingalembe pano. Alamu anakhala pansi ndi kuseka mpaka kutsokomola, mayi a kunyumba anandiponyera malaya aja ndinavula kuti ndimange m'chiuno, nkhope atayang'ana kumbali, mapewa okha akugwedezeka. Ndipo wina asadzakunamizeni kuti vanishi wa pakhungu muchotse ndi thina, makamaka malo amenewo. Ndinayesa madzulo ake. Aneba anamva.

Madala anagwada n'kuyang'anitsitsa m'mphepete muja mopendeketsa mutu, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, nthawi yaitali, kenako anati, "Koma dzanja muli nalo." Zaka zonsezi sindinawamvepo akuyamikira munthu, nde ndinaima pamenepo ndi malaya m'chiuno ndikumva kukoma.

Benchi ija ndinadikira sabata kuti iume, ndinapala nsalu ndi tsitsi, ndinapakanso makoti atatu. Ukaiyang'ana mwachindunji ili bwino. Koma dzuwa likapendeka madzulo, kuwala kukamenya cham'mbali, zimaoneka zonse, zozungulira ziwiri ndi kamzere pakati. Alamu sakhalapo, amati mpando uli ndi mwini wake. Tsiku loyamba kukwera, mayi a kunyumba anawerama n'kuyang'anapo kwakanthawi, kenako amvekere, "Munati ndizidzaonapo nkhope, bambo. Nkhope yake ndi imeneyi?"