Zikomo aphunzitsi ndi amayi a Chigwirizano

Ndikufuna kuthokoza pagulu aphunzitsi a pa sukulu ya mishoni ya CCAP kwathu kuno ku Dedza. Bambo a ana anga atamwalira, mwana wanga wamkazi, yemwe anali mu Sitandade 8, anangofooka. Kusukulu ankapita mwa apo ndi apo, ineyo mphamvu zomukakamiza ndinalibe.

Loweruka lina aphunzitsi ake anatulukira pakhomo pa njinga, osatumidwa ndi munthu. Sanabwere kudzakalipa. Anakhala nafe pamkeka, tinapemphera, kenaka anamuuza mwanayo kuti mpando wake m'kalasi ukumudikira. Kuyambira pamenepo ankatsala naye masana kubwereza masamu, osalandira ngakhale tambala. Aphunzitsi, Mulungu akudalitseni.

Inunso amayi a Chigwirizano, zikomo. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, inde, koma makope, sopo ndi yunifolomu sizigwa ndi mvula. Munasonkherana mwakachetechete, ena mwa inu mayina sindikudziwani n'komwe.

Mwanayo mayeso a MANEB analemba, ndipo wasankhidwa kupita ku sekondale. Masiku ano ndi iyeyo amene amatitsogolera nyimbo ndi pemphero tisanagone, zomwe anazolowera pa mzere wa m'mawa kusukuluko.