Benchi ya apongozi

Pakhonde la apongozi anga panali benchi ya paini wa ku Chikangawa, thabwa limodzi lalitali, miyendo kumapeto kokha. Madala ankakhalapo posewera bawo, ana ankajowapo, amayi ankatong'olerapo chimanga. Zaka ndi zaka, popanda vuto. Inkangodikira ine.

Linali tsiku la chinkhoswe cha mlamu wanga, ine nditatchena suti yobwereka. "Khalani pakatipo, akamwini," anatero apongozi aamuna. Nditakhala, benchi inati kwiii. Ndinangoti mwina ndi moni wake.

Ankhoswe atayamba kupatsana tambala ndi msoti, ndinadzuka kuwomba m'manja, kenako n'kudziponya pabenchi mwaulemerero. Phwaa! Miyendo m'mwamba, Fanta m'khosi mwa malaya, tambala n'kupulumuka m'manja mwa ankhoswe kulowera kudimba. Nthungululu zinathera panjira.

Mlandu unayamba ndisanadzuke n'komwe. Azakhali anati ndi chiswe. Gogo wina ananong'ona za ufiti. Mkazi wanga, amene ndinkayembekeza kuti andiikira kumbuyo, anati ndi nsima.

Anandipulumutsa ndi mkulu wina, kalipentala, amene anatola chidutswa n'kuchitembenuza. Chiswe munalibe. Kunsi kwa thabwa, pakatikati penipeni, kunali mfundo, ndipo mng'alu unayambira pomwepo. Mbali yaikulu ya pothyokapo inali yakuda, yodzaza fumbi. Poyera, pomwe ndinathyola ineyo, panali pang'ono chabe.

"Thabwa limatopa, achimwene," anatero. "Munthu akakhala, limapindika: kunsi kumakokeka, pamwamba kumafinyika. Akadzuka, limawongoka. Ulendo uliwonse timitsempha tingapo timaduka, makamaka pamfundo, poti pamenepo mitsempha inakhota. Mvula ikalinyowetsa, dzuwa n'kuliumitsa, mng'alu umangokula. N'chimodzimodzi waya amene ukumupinda uku ndi uku, amaduka popanda mphamvu yambiri. Kulira kuja linali kukuuzani."

Ndinafunsa mokweza kuti onse amve: "Ndiye si thupi langa, eti?"

"Ikanathyokabe tsiku lina, ngakhale ndi mwana. Kungoti pakati ndi pomwe thabwa limapindika kwambiri, ndiyeno inu munachita kudziponya."

Apongozi anamvetsera zonsezo akugwedeza mutu. Atatha anafunsa kalipentalayo mtengo wa benchi ya mlombwa, yokhala ndi mwendo wachitatu pakati. Atamva mtengo sanatsutse n'komwe, anangoloza ine.