Tsiku Limene Ndinavala Jumbo Kumutu M'ndege ya Asilikali

Mwana wa mlongo wanga, amene ali ku usilikali, anabwera kuno ku Dedza mu June kudzatsanzika, ndipo tikuwotha mbaula pakhonde anandifunsa kuti, "Amalume, kodi utsi ukabuka m'ndege zonyamula asilikali zija, munthu amapuma bwanji?" Ndinamufotokozera zimene ndinadutsamo ndisanapume pa ntchito, tsiku limene ndinakwera C-130 Hercules ya asilikali a ku America.

Ndege imeneyi, ya injini zinayi, ilibe timamasiki timene timagwa tokha kuchokera kudenga ngati m'ndege za anthu wamba. Tinakhala pa mipando ya nsalu yofiira m'mbali, mawondo akugunda katundu, ndipo pamalo pa aliyense panali kathumba kobiriwira ka chipangizo chopumira pa ngozi, chimene amachitchula kuti EPOS. Tisananyamuke, woyang'anira katundu ndi anthu, amene amamutcha loadmaster, anatulutsa kena kophunzitsira n'kuloza ine kuti ndiyesere pamaso pa anzanga.

Ndinatsegula kathumbako n'kupezamo paketi yomata kwambiri, imene ndinaing'amba pokoka kansalu kofiira. M'katimo munali chinthu chonga jumbo yoonekera, chachikasu pang'ono, chokhala ndi kabotolo ka okosijeni. Anandiuza kuti ndikoke kampira kofiira mpaka kachoke, ndipo anatsindika kuti pa chenichenicho ndiyenera kumva mpweya ukulira ngati tayala la njinga lobooka ndisanachivale.

Chovuta chinali pakhosi. Pakamwa pa jumboyo pali labala yothina, ndipo umalowetsamo manja onse awiri, zikhatho zitayang'anizana, n'kuitambasula kuti mutu ulowe. Manja anga anakana kaye, chifukwa tonsefe tinakula amayi akutikalipira tikavala pulasitiki kumutu, ndipo apa munthu wamkulu ankandilamula kuchita chomwecho. Nditavala, iye anayendetsa chala kuzungulira khosi langa n'kupeza kuti kolala ya yunifolomu yapanikizika pansi pa labala. Kampata kakang'ono ngati kameneko n'kokwanira kulowetsa utsi, choncho ndinavula n'kuyambiranso. Wa magalasi savula magalasi ake, koma wa tsitsi lalitali ayenera kulilowetsa lonse m'kati.

Mnyamatayo anadabwa kuti munthu sabanikamo. Ndinamuuza kuti m'jumbomo muli mankhwala a lithium hydroxide amene amayamwa mpweya woipa umene timatulutsa popuma, ndipo pochita zimenezi amatentha, kotero kuti kumva kufunda ndi thukuta kumaso si chizindikiro chakuti chawonongeka. Utsi wa m'ndege uli ndi mpweya womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka nyengo yozizira ino, ndipo ndinamulozera makala amene tinkawotha. Chipangizochi chimathandizanso ndege ikataya mpweya wake ili m'mwamba. Pa mamita 7,600, kutalika koposa katatu nsonga ya phiri la Dedza, munthu amakhala ndi mphindi zitatu kapena zisanu zokha nzeru zisanayambe kusokonekera, ndiye chifukwa chake umavala wekha usanathandize mnzako.

Chimene ndinamubwerezera kawiri ndi nthawi yovula. Okosijeni wa m'kabotolo ndi wochepa, ndipo wokhala phee amapuma nthawi yaitali kuposa wothamangathamanga ndi mantha. Jumboyo ikayamba kuphwa n'kumamatira kumaso, ndiye kuti mpweya watha, ndipo uyenera kuivula pomwepo, kutali ndi moto, popeza okosijeni wotsalira m'tsitsi ndi m'zovala amakoleza moto msanga.

Iye anaima pakhondepo, analowetsa manja m'chipewa chake cha ubweya, zikhatho zitayang'anizana, n'kundifunsa ngati akutambasula bwino. Ndinamuuza kuti, "Iwe, konza kaye kolalayo."