Obwera amafa mochedwa kuposa eni dziko: ziwerengero zikubisa chiyani?

Pa maphunziro anga a zaumoyo wa anthu tafika pa mutu wa anthu osamukira kumayiko ena. Munthu angaganize kuti wobwera, amene amagwira ntchito yakalavulagaga, amagona mothithikana, ndipo nthawi zina alibe ndalama zolipirira chipatala, ndiye amafa msanga. Ziwerengero zikukana.

Mu 1986, Kyriakos Markides ndi Jeannine Coreil adaonetsa kuti anthu amene kwawo ndi ku Latin America, okhala kummwera chakumadzulo kwa United States, thanzi lawo linkafanana ndi la azungu ngakhale anali osauka kwambiri. Pofika 2019, anthu a mtundu umenewu m'dziko lonse la United States ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 82, azungu 79. Kafukufuku wina amene adatuluka m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet mu 2018 adapezanso kuti m'mayiko olemera obwera amafa pang'ono poyerekeza ndi eni dziko, kupatula pa matenda opatsirana monga TB ndi pa imfa zochita kuphedwa.

Chifukwa choyamba n'chosavuta kumva: ulendo wakunja sauyamba munthu wodwaladwala. Amapita ndi amphamvu, ndiye tikuyerekeza anthu osankhika ndi mtundu wonse, okalamba ndi odwala omwe.

Chachiwiri ndicho chandigwira mtima. Wobwera akadwala kwambiri kapena akakalamba, kawirikawiri amabwerera kwawo kuti akafere pakati pa abale. Imfa yake siilembedwa m'dziko limene ankagwirako ntchito, ndipo m'mabuku a kumeneko amakhala ngati akadali moyo. Ife a kuno nkhaniyi si yachilendo. Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodi, inkayeza amuna asanawatumize kumigodi ya golide ku Joni, ofooka n'kuwabweza. Akayamba kutsokomola chifukwa cha fumbi la mumgodi kapena TB, ankawatumiza kumudzi. Mabuku a mgodi ankaonetsa antchito athanzi, maliro akulira kwathu kuno, ku Lesotho ndi ku Mozambique. Zidatenga mlandu waukulu, umene makampani a golide adavomera mu 2018 kulipira marandi 5 biliyoni, kuti anthu amenewa ayambe kusakidwa m'midzi kudzera ku Tshiamiso Trust, bungwe lowapatsa chipukuta misozi. Ambiri anali atapita kale.

Komabe kubwerera kwawo sikufotokoza zonse. Mu 1999, Ana Abraído-Lanza ndi anzake adaunika anthu ochokera ku Cuba, amene sankatha kubwerera kwawo mwachisawawa, ndi a ku Puerto Rico, amene imfa zawo zimawerengedwabe ndi boma la America ngakhale akafere kwawo. Magulu onse awiri ankafabe pang'ono kuposa azungu. Choncho pali china chenicheni, ndipo chimodzi chodziwika bwino n'chakuti obwera ambiri a ku Latin America sasuta fodya kwambiri.

Mwayiwo sukhalitsa. Kafukufuku wa Ni-Hon-San, amene adayamba mu 1965, adatsata amuna a mtundu wa Chijapani ku Japan, ku Honolulu (Hawaii) ndi ku San Francisco (California). Matenda a mtima anali ochepa ku Japan, ochulukirapo ku Hawaii, ndipo ochuluka zedi ku California. Magazi ndi amodzi, chimene chidasintha ndi chakudya ndi kakhalidwe. Michael Marmot ndi Leonard Syme adapeza mu 1976 kuti ngakhale ku California komweko, amene adasunga chikhalidwe cha kwawo ankadwala mtima pang'ono kuposa amene adachitaya.